Kukankha Galimoto Potsetsereka

Nzeru yobera a Victorino inabadwira kuseri kwa msika wa Ulongwe, pa kachasu wa mai Efigénia, botolo lachitatu litafika pakati. Mwini nzeruyo anali Romano, amene ankadzitcha Komandante, ngakhale kuti tsiku limene asilikali anabwera kudzagwira anthu opita kunkhondo, iye anakhala masiku awiri m'nkhokwe ya apongozi ake. Pambali pake panali Inosenti, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, chotchedwa Ngolo chifukwa chinkasenza chilichonse osafunsa kopita. Wachitatu anali Patrisio, makaniko wa pansi pa bulugama, amene tauni yonse inkamudziwa ndi dzina loti Alikate, kutanthauza pulayala, poti chimene zala zake zapana sizitaya.

"Makamarada, tcherani khutu," anatero Komandante. "Lamulungu a Victorino a loja, eni sitolo aja, akukwatitsa mwana kutchalitchi. Aliyense adzakhala kumeneko, paja chaka chino mpunga umaoneka paukwati pokha. Karinya yawo, galimoto ya katundu ija, ili pabwalo, yasenza matumba makumi awiri a nyemba. Tikaolotsa malire n'kukagulitsa ku Dedza, njala tatsanzikana nayo."

"Nanga gazolina?" anafunsa Ngolo. Masiku amenewo gazolina, amene ena amati petulo, ankasowa ngati mtendere, ndipo a Victorino ankapopa wawo n'kumutsekera kuchipinda.

"Mutu wakowo ndi wosenzera basi. Kuchokera pakhomo pawo msewu ndi wotsetsereka. Tikankha pang'ono, iyenda yokha mwakachetechete. Tisanafike pamlatho pali amilisiya paja, tikhotera kanjira ka kumadimba, kumene ndakwirira chigubu cha malita asanu."

Alikate anadziguguda pachifuwa. "Galimoto imeneyo ndi mwana wanga. Lachinayi lomweli ndaiika makalusu atsopano kumbuyo, aja amagwira gudumu ukaponda buleki. Ntchito ya manja anga, epa!"

Lamulungu m'mawa, belu la Misa litangotonthola, Alikate anatsegula chitseko cha karinya ndi kawaya, n'kumasula buleki ya pamanja. "Kankhani!"

Galimoto inangoti kwiii, n'kusuntha ngati nkhalamba yodzuka pamphasa.

"Ndi nyembazi," anatero Alikate. "Tikafika potsetsereka muona."

Anafika potsetsereka, ndipo anaonadi. Anthu atatu athunthu, thukuta kamukamu, akukankha galimoto pamalo pamene ngakhale dzungu limagubuduka lokha. Mayi wina wosenza nkhuni anawapatukira n'kunena kuti, "Pepani nayo ntchito, abambo." Sanakayike kanthu, pakuti chibadwire sanaonepo mbava yoba mochedwa chotero.

Kenako kunamveka fungo ngati la chikopa chowauka. Ngolo anagwira gudumu lakumbuyo la kumanzere n'kudumpha. "Mayo ine! Ili n'loti uwotcherepo chimanga!" La kumanja linali lozizira ngati mphuno ya galu.

"Tiisiye," anatero Komandante. "Aliyense asenze thumba limodzi, tilowe m'chimangamu." Awa anali mawu anzeru okhawo amene anatuluka m'kamwa mwake chaka chimenecho, koma anawaononga powonjezera kuti, "Wotiikira mabulekiwa ndi makaniko wa njinga."

Alikate anaima chilili. Kumutcha mbava sakanadandaula, amayi ake omwe ankamutcha choncho. Koma wa njinga?

"Ngolo, ika mwala kugudumu lakutsogolo. Bweretsa makako, jeke uja, ali kuseri kwa mpandowo, tiikweze," anatero Alikate.

"Iwe, tikuba kapena tatsegula ofisina yokonzera magalimoto?" anakalipa Komandante. "Akatigwira ndi chikoti cha shamboko, kenako kunkhondo!"

Alikate sanamve. Gudumu litakwera m'mwamba, analizunguza ndi manja awiri koma linakana. "Mwina chingwe cha buleki ya pamanja chakungika," anadziyankhula. Anakwawira pansi n'kuchimasula mpaka chinachita lendelende. Anazunguzanso: gudumu lili gwa. "Si chingwe. Matenda ali m'kati."

Anachotsa gudumu, natsala ndi tambolo, chimbale chachitsulo chovindikira mabuleki. Tamboloyo inakanirira, mpaka anaigogoda ndi nyundo, ngwe! ngwe! phokoso lomveka tsidya lina la dambo. Komandante ankangozungulira, manja ali kumutu.

Tambolo itachoka, Alikate anasuzumira m'kati, ndipo nkhope yake inagwa. Pamalo pa kamola, kawaya kopotana kamene kamabweza makalusu ukachotsa phazi pa buleki, panali kamola ka msampha wa makoswe, kofooka, kotambasuka ngati chipeta. Makalusu anali atangokakamira pa tambolo osabwerera.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa Ngolo.

Alikate anayang'ana zala zake. Anakumbuka Lachinayi lija. Kamola ka a Victorino kanali kokongola, kolimba, ka nthawi ya Apwitikizi, ndipo zala zake zinakapana zokha. Anapisa m'thumba la buluku, poti buluku anali ndi limodzi lomwelo, n'kukatulutsa.

"Ndiye kuti iwe," anatero Komandante pang'onopang'ono, "unayamba waibera galimoto imene timafuna kuba?"

"Ndinkadziwa bwanji kuti idzakhala yathu?"

Aka kanali koyamba m'moyo wake kubweza chinthu pamene anachitenga. Anakoleka kamola, nabwezera tambolo ndi gudumu. Atalikankha ndi chala chimodzi, gudumu linazungulira fwii, osakhuza paliponse. Alikate anaimirira manja m'chiuno ngati wapambana mayeso a kusukulu ya ansembe ku misau.

"Wa njinga ndani tsopano?"

"Tsitsa makako! Ngolo, chotsa mwala!" analamula Komandante.

Ngolo, mwa khalidwe lake, sanafunse ngati m'galimoto muli munthu. Anachotsa mwala.

Karinya inanyamuka mwaulemu, kenako mwachangu, kenako ngati yamva mfuti. Inadutsa kanjira ka kumadimba osapereka moni. Atatuwo akanatha kulowa m'chimanga nkhani n'kuthera pomwepo, koma Komandante anakuwa kuti, "Nyemba zathu!" ndipo onse anaithamangira.

Amilisiya a pamlatho ataona galimoto yopanda dalaivala ikubwera, anadziponya m'ngalande poyesa kuti zigawenga zatulukira chida chatsopano. Pamlatho msewu ndi wosalala, choncho karinya inachepetsa liwiro n'kukaima mphuno itagunda mtengo wopingasa njira. Amilisiya podzuka, matope ali thupi lonse, anangolandira anthu atatu akupuma wefuwefu, wina makako ali m'manja.

"Ya ndani galimotoyi?" anafunsa mkulu wawo.

"Yathu," anatero Ngolo.

"Si yathu," anatero Komandante.

"Ndaikonza ndine," anatero Alikate.

A Victorino anafika ndi suti ya ukwati, duwa lili pachifuwa, anthu onse a kutchalitchi ali pambuyo. Anazungulira galimoto yawo, nawerenga matumba ndi maso, kenako anaikankha ndi dzanja limodzi. Inasuntha mofewa.

"Chiyambire Lachinayi yakhala ikumwa gazolina ngati chidakwa," anatero modabwa.

Alikate, ngakhale anali atamangidwa manja, analephera kudzigwira. "Siikugwiranso, a patarau, bwana wanga. Mwaona mmene yathamangira?"

"Ndaona, a mesitiri." A Victorino anatembenukira kwa mkulu wa amilisiya. "Amasuleni. Shamboko idikire. Ayambe aibweza pamene anaitenga."

Chitunda chija chinawabwezera moni. Amayi a kwaya ankayenda m'mbali akuimba nyimbo za ukwati, atatuwo mapewa ali pa karinya, matumba makumi awiri akuwayang'ana. Akangoti apumeko, galimoto, yomwe tsopano magudumu ake anali omasuka ngati a pa mpikisano, inkabwerera n'kuwaponda zala. Atafika pakati pa chitunda, Komandante, lilime lili kunja, anatembenuza mutu.

"Alikate, m'bale wanga," ananong'ona, "ka makoswe kaja ukadali nako?"