Juzi ya Tamanda m'kabati ya mtovu

Chaka chino ndataya izi: mkazi wanga Tamanda, mu Febuluwale. Nsapato ndi thalauza, mu Meyi. Ulemu wanga wonse, tsiku lomwelo la nsapato.

Ndimagwira ntchito mu labotale ina muno mu Glasgow. Amatitumizira madzi a m'nyanja yamchere ochokera kugombe la Namibia, kumene madzi ozizira apansi amatumphukira pamwamba n'kudyetsa tizomera tosaoneka ndi maso. Tizomerato timameza kaboni, ndipo tikafa timamira naye. Ine ndimayeza kuchuluka kwa kaboni womirayo potsata thoriamu, chitsulo chotulutsa cheza choopsa chimene chimamatirira ku tizomerato. Thoriamu akachepa m'madzi apamwamba, ndiye kuti wamira ndi kaboni.

Tsikulo ndinkayesa makina ndi kabotolo ka thoriamu wamphamvu. Kanandipulumuka m'dzanja (chiikireni maliro zinthu zimandipulumuka) n'kuswekera pafupi ndi phazi langa. Ndinachita zimene anatiphunzitsa: kuima pomwepo ndi kuitana Moira, mayi wachikulire woona za chitetezo.

Anabwera ndi kamakina kamene kamalira kakamva cheza. Anakaloza ku nsapato. Tetete-tetete!

"Vula," anatero, akutsegula thumba lachikasu. Cholowa m'thumba limenelo sichibwerera.

Pa thalauza, chimodzimodzi. Ndinavula. Kenako kanalira pa chijasi changa choyera cha ntchito.

"Chimenechi chisiyeni, chonde," ndinatero.

"Mwanawe, ndalera ana aamuna atatu. Palibe chachilendo chimene ungandionetse."

Chinalipo. M'kati mwa chijasi ndinali nditavala juzi ya Tamanda, yapinki, ya timaluwa pakhosi, yondilekeza pamchombo. Ndinkaivala tsiku lililonse, chijasi nditachimanga mabatani mpaka m'khosi. Ndiye ndinaima pamenepo, munthu wa madigiri awiri, m'kabudula wamkati, masokosi ndi timaluwa. Moira sanaseke. Bola akanaseka.

Anayendetsa kamakina pachifuwa. Zii. Kumsana, zii. Mkono wamanja, zii. Za khungu langa sindinaganizeko n'komwe, maso anga anali pa thumba lija. Atafika pa mkono wamanzere, chakumapeto, kanayamba. Te. Te. Tete.



"Ndi ya mkazi wanga," ndinatero. "Sindinaichapepo."

Moira anayang'ana thumba, n'kuyang'ana ine. Kenako anatulutsa sizasi m'dirowa.

"Ndidule mkonowo, yotsalayo upite nayo lero."

"Ayi!" (Akuti mawu anga anamveka mpaka ku chipinda cha tiyi.)

"Ndiye werengera wekha. Katswiri ndiwe, si ine."

Ndinawerengera ndili m'masokosi. Thoriamu wathu amachepa ndi theka pa masiku makumi awiri ndi anayi alionse. Kuti akhale chete, pamafunika miyezi isanu ndi itatu. Moira anaipinda juziyo bwinobwino, m'thumba lakelake, n'kulemba dzina langa, n'kuitsekera m'kabati ya mtovu, chitsulo chotchinga cheza.

"Ikakhala ikulirabe mu Januwale, sizasi," anatero. Nsapato ndi thalauza sanazipatse mwayi umenewo.

Ndinabwerera kunyumba ku Maryhill nditavala ovololo yapepala ndi majombo obwereka. M'basi munadzaza, koma pambali panga sipanakhale munthu.

Lachisanu lililonse ndimatsegula kabati n'kuipima. Ikulirabe, koma motsitsa. Chimene chimandiopsa tsopano n'china: fungo la mafuta odzola a Tamanda nalonso mwina likuchepa ndi theka m'thumbamo, ndipo kamakina koyezera zimenezo kulibe.

Sindinganene kuti Tamanda sanandichenjeze. Masana omaliza kuchipatala ndinadandaula kuzizira, n'kutola juziyo pampando. Ndinkayesa ali m'tulo. Anatsegula diso limodzi, ndipo pambuyo pa mawu awa sanalankhulenso:

"Inu, isiyeni juzi yangayo. Muikulitsa."