Nkhondo ya Zivindikiro Makumi Anayi

Tcherani makutu, inu a ku Kitwe ndi a ku Ndola, inu oponda mkuwa ndi mapazi koma mukugula sopo wocheka, pakuti ndikusimba za masiku oopsa aja pamene buledi anayamba kuwonda m'pepala lake, paketi ya shuga inafupika msinkhu, ndipo kontena ya majarini inagona ili mayi n'kudzuka ili mwana, mtengo wokha uli chiimire pomwepo.

M'masiku amenewo, ku Ipusukilo kunali Petronella Daka, Mgonjetsi wa Njala ya Masana, Mwini Mthiko Wosathyoka, mkazi amene nyemba zake zinkaimitsa makina osokera a mu msika wa Chisokone. Tsiku ndi tsiku ankaphika mpunga ndi nyemba n'kupakira m'makontena akale a majarini makumi anayi, akuluakulu aja a nthawi ya mtendere, ndipo pa chivindikiro chilichonse panali dzina la telala wake, lolembedwa ndi msomali wamoto. Atelala makumi anayiwo ndiwo anali ufumu wake wonse. Tsidya lina la msika kunali Judith, wophika mnzake, amene ankangodikira tsiku limene Petronella adzapunthwe.

Mdani sanachokere kutali. Anali mwamuna wake yemwe, Gershom Daka, mkulu wa mpingo, kalaliki wa pamgodi wopuma ntchito, munthu wovala jekete ndi tayi ngakhale pothamangitsa nkhuku. Chipumireni ntchito palibe ankamufunsa kanthu, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Tsono kampani yopanga majarini, itatha kufinya makontena, inagwidwa chifundo. Inalengeza kuti zivindikiro khumi zilizonse zoponyedwa m'bokosi la m'sitolo yaikulu ya m'tauni zidzagulira mwana wamasiye banzi limodzi, ndipo wopereka zambiri adzajambulidwa chithunzi. Loweruka, Petronella ali kumaliro, Gershom analowa m'khitchini n'kugwira ukapolo zivindikiro zonse makumi anayi, nakaziponya m'bokosi lija.

Lolemba Mwini Mthiko anapeza makontena ake ali kukamwa yasa. Anapempha zivindikiro kwa aneba, koma zonse zinali za mbadwo watsopano, tating'ono, tomangogwera m'nyemba. Anamanga makontenawo ndi mapulasitiki n'kukwera minibasi, ndipo pa dzenje loyamba la mumsewu msuzi unaukira thalauza loyera la bwana wina wa ku Kansenshi, ku Ndola, amene anabwera ku Kitwe kudzafunsira mbeta. Tsiku limenelo atelala khumi ndi mmodzi anakadya kwa Judith. Lachiwiri anakwana khumi ndi asanu ndi awiri.

Madzulo ake Petronella anamanga chitenje pamwamba pa chitenje china, naima pakati pa mwamuna wake ndi wailesi yakanema.

"Bashi Jemimah," anatero, pomuitana ndi dzina la mwana wawo, "nakupililani zaka sate-faifi. Munabweletsa abale anu seveni pa Khisimasi osaniuza, nenze zii, naphika. Munaitana abusa pa manzi endi, kumapeto kwa mwezi, mu nyumba mulibe na mafuta, naseka nao. Koma ma lidi yanga, awe mwandi. Mailo tiyenda tonse ku tauni, ndipo tikalephela kubwela nayo, mukagone mu bokosi mwamene muja."

"Bana Jemimah," anayankha Gershom atakweza chala ngati ali pa gome, "kupatsa kuposa kulandila. Ganizilani ana amasiye."

"Mabanzi folo. Ufumu wanga mwausintha na mabanzi folo."

M'mawa mwake gulu lankhondo la anthu awiri linafika m'sitolo, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo akukonza tayi. Pakhomo panaima bokosi lagalasi lalitali kuposa munthu, lodzaza zivindikiro za mzinda wonse, ndipo pambali pake panali Stephen, maneja, Mlonda wa Mashelefu, Wolira Makiyi M'chiuno.

"Imwe ba maneja," anafuula Petronella, anthu a pamzere wolipira n'kutembenuka onse, "kontena munaichepetsa, sitinakambe. Pansi pake munakumbapo mugodi kuti izioneka yozula, sitinakambe. Manje mufuna na lidi yamene, kuti chifundo chanu tichilipile ise. Nipatseni ma lidi yanga fote, yali na maina."

Khamu linang'ung'udza movomereza, ndipo mayi wina anakweza buledi m'mwamba kuti aliyense aone kuwonda kwake. Stephen sanagwedezeke. Anawerenga malamulo a timalemba tating'ono a kuseri kwa chikwangwani: zivindikiro zowerengedwa ndi zatsopano zokha, zokhala ndi nambala mkati; woperekayo akalembetse yekha ku ofesi ya ku Ndola Lachinayi, atanyamula malisiti. Zakale zija ndi zinyalala chabe, anatero, ndipo kiyi wa bokosi nayenso ali ku Ndola.

Petronella anacheuka. Gershom anali ataima manja lende, maso pansi, munthu amene anakonza kale suti ya pachithunzi n'kuuza mpingo wonse. Ukali umene anaunyamula kuchokera ku Ipusukilo unamuthera, ndipo anamumvera chisoni mwamuna wake, chisoni chenicheni. Wopusayo anali wake, ndipo sakanalola kuti mlendo amupusitse pagulu.

"Ba Stephen, aba ni akulu a mpingo," anatero motsitsa mawu. "Mphatso yao si zinyalala. Bweletsani makwelelo."

Stephen, poona maso a khamu lonse ali pa iye, anabweretsa makwerero. Pamenepo panachitika chimene Kitwe sanachionepo. Gershom Daka anavula jekete. Analipinda, nalipereka kwa mkazi wake, nakwera makwerero, nalowa pakamwa pa bokosi chamutu, Stephen ndi mlonda wa pakhomo atagwira mwendo aliyense wake. Masokosi ake a bulauni ankaoneka mpaka kwa ogulitsa nyama. Kuchokera pansi pa nyanja ya zivindikiro mawu ake ankamveka ngati a munthu wa m'chitsime, akuitana maina a ogwidwa ukapolo mmodzimmodzi monga ankaitanira a pashifiti kumgodi: ba Chanda wa mazipi, ba Mulenga wa mayunifomu, ba Keziah wa madilesi a ukwati. Dzina lililonse likatuluka, Petronella ankayankha kuti alipo, ndipo amayi a pamzere ankaimba nthungululu. La makumi anayi linatuluka nkhope ya ngwaziyo itafiira ngati phwetekere.

Pangano la mtendere analichita Lachinayi mu Chisokone momwemo, nalilemba ndi choko cha telala pa thebulo lodulira nsalu. Gershom analumbira kusakhudzanso chivindikiro popanda chilolezo, ndipo monga chindapusa anavomera kunyamula makontena masana alionse kwa moyo wake wonse. Atelala opanduka anabwerera mmodzimmodzi, akunena kuti kwa Judith anangopita kukaona. Phwando lake linali la buledi ndi kontena imodzi ya majarini atsopano, amene anatha pa chidutswa chachisanu ndi chinayi, moti otsalawo anangopatsirana kontenayo n'kumanunkhiza mwaulemu.

Kuyambira tsikulo, nthawi ya nkhomaliro ikakwana, Gershom amalowa mu Chisokone atavala jekete, zikwama ziwiri m'manja, ndipo makina onse amaleka kulira, atelala makumi anayi n'kuimirira nthawi imodzi. Iye amawagwedezera mutu uku ndi uku monga ayenera munthu wolemekezeka. Atelalawo amaimirira nyemba, osati iye. Petronella amadziwa, ndipo anawachenjeza kuti amene adzauze mwamuna wake adzadya kwa Judith mpaka imfa.