Maliro a Tadala ku Thiyeta

Ana anga anandiletsa kukamba nkhaniyi, koma manyazi ukawavundikira amanunkha. Ine Nambewe, amene m'Leicester monse amandiopa chifukwa sindiiwala amene anabwera pavuto langa ndi amene anazemba, ndinayaluka masanasana!

Mdzukulu wanga Tadala amaphunzira ku Loughborough. Anabadwira konkuno, Chichewa chake n'chothyokathyoka. Lachitatu anandiimbira foni.

"Agogo, Loweruka two o'clock ndikulowa mu thiyeta."

"Thiyeta? Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

"Palibe. Ndi opera basi, ya Chitchaina. Akupanga ndi Dokotala Lin."

Sukulu ndinalekeza sitandade thuu, koma mwana wanga Esinati, mayi ake a Tadalayo, ndi nesi. Thiyeta ndimaidziwa, ndi kumene amang'amba anthu. Opera ndinangoti ndi opareshoni, poti ana a kuno mawu alionse amawadula mchira.

"Ndi yaikulu?"

"Kale inkatenga masiku awiri. Koma anthu amakono sapirira, ndiye Dokotala Lin adula zapakati zonse. Asiya mtima wokha."

"Mayo! Amayi ako akudziwa?"

"Ali pa shifiti. Adzaonera pa vidiyo."

Esinati ali ndi BP, ndiye ndinatseka pakamwa. Ndinaimbira mnzanga Nachisale wa ku Highfields kuti andiperekeze. Anayamba za kutopa.

"Nachisale, mwana wanu atathyoka mwendo, anagona pampando wa kuchipatala masiku atatu ndani?"

Anabwera. Mayi Zulu a ku Zambia anatitenga pagalimoto yawo. Ine ndinanyamula phala m'fulasiki, chitenje ndi Baibulo.

Titafika, fungo la mankhwala kunalibe. Mipando yokhayokha.

"Amake Esinati, chipatala bwanji chilibe mabedi?" anafunsa Mayi Zulu.

"N'cha ophunzira ichi, amachita kuonerera," ndinayankha ngati wodziwa. Tinakhala kutsogolo. Mnyamata wa pambali panga ankakukuta tchipisi, maso pafoni. Ndinati mumtima, dziko lino chifundo chinatha.

Magetsi thii! Chitsulo ngwee! Kenako Tadala uyo. Nkhope yoyera ngati wagwera mu ufa, m'maso mofiira, m'mikono nsalu zoyera zolendewera mpaka pansi.

"Mabandeji onsewo!" ananong'ona Nachisale.

Mwana anatsegula pakamwa, kamawu kang'onong'ono kobaya m'khutu: "Iiiiiii!"

"Sanamubaye wogonetsa!" ndinatero.

Kunatulukira chimunthu cha ndevu zofika pamchombo, chikwanje kumanja, chikuzungulirazungulira. Apa ndivomere, kamtima kena kanandiuza kuti dokotala savina. Koma Tadala anadzandira, anagwa pansi khuu, anthu awiri n'kumufunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu. Nzeru zonse zinathawa.

"Mayo ineee! Mwana wa Esinatiii! Ndikanena chiyani ineee!"

Nachisale anandipokera molimba, paja mwendo uja. Mayi Zulu anayambitsa nyimbo ya maliro. Ine ndi maondo anga a nyamakaziwa ndinakwera pansanja, fulasiki kukhwapa, n'kuvundukula nsalu ija.

Mtembo unatsegula diso limodzi.

"Agogo, please! Ndafa. Kakhaleni pansi."

Holo yonse inaimirira, m'manja phwaphwaphwa! Wa tchipisi uja ankapukuta misozi. Chindevu chija chinandigwira mkono mwaulemu n'kunditsitsa, ndevu zitamatuka mbali imodzi.

Zitatha, Tadala anabwera ndi kamayi kovala jinzi.

"Agogo, awa ndi Dokotala Lin."

"Dokotala wa chiyani?"

"Wa nyimbo."

Ndinafuna nthaka indimeze. Mwanayo anafotokoza kuti ndi sewero loimba la makolo awo ku China, la mtsikana wofera chikondi, ndipo analifupikitsa kuti ana a masiku ano asagone. Ndinayamba kupepesa, koma mayiyo anandigwira manja onse awiri, akulankhula mothamanga.

"Akuti miyezi yonseyi amasowa chochititsa anthu kusiya mafoni," anamasulira Tadala. "Akufunsa ngati mawa mungabwerenso nthawi yomweyi. Ndi azakhali awiriwa."

Tinakwera galimoto kubwerera ku Leicester. Kenako Nachisale anatsokomola.

"Nambewe, ngongole ya mwendo ija yathera pano. Kuyambira lero wozemba maso ndinu."

Phala lija tinamwa tokha.

Mwana wa kuno akati thiyeta, yambani mwafunsa ngati kukufunika phala kapena tikiti.