Bakha wa Che Likaka

Ku Shabani, kumgodi kutali ndi dziko lakwathu, kukadali azimayi okalamba amene amalumbira kuti nthawi ya nkhondo ija, chilombo cha gule chinavuuka m'damu Lamulungu m'mawa. Sindiwatsutsa. Chilombocho ndinali ine, munthu wa kalasi ya ubatizo.

Pakomboni ya mgodi, ochokera ku Chilwa tinalipo awiri okha: ine ndi Che Likaka, bambo wachikulire amene anali msodzi wa matemba asanatchone. Fumbi la mgodi linali litawadya chifuwa. Chisanu cha Juni chitafika anagoneratu, ndipo tonse tinkadziwa kuti sitima ya kwathu sadzaikweranso.

Tsiku lina ndili pambali pa mphasa yawo, abakha am'madzi anadutsa pamwamba pa malata akuimba mluzu.

"Wamva, mphwanga? Achipweyo amenewo," anatero. "Nditangolawako kamodzi, ndingati ndafika kwathu."

Ine pakamwa pamathamanga kuposa mutu. "Atate, Lamulungu lino mudya bakha."

Mfuti munthu wakuda sankaloledwa, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Amalume anga ankagwira abakha ndi chipanda. Umayamba waponya zipanda pamadzi kuti mbalame zizizolowere. Kenako umaboola chimodzi, kuvala kumutu, kulowa m'madzi mpaka m'khosi, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati chipanda chotengeka ndi mphepo. Ukafika pakati pawo umangokoka miyendo. (Kunena zoona, ine ndinkangoonerera ndili pamtunda, koma kuona ndinkaona bwino.)

Zipanda ndinapempha kwa amayi ena ofulula mowa, n'kukaziponya padamu la kuseri kwa mulu wa zinyalala za mgodi. Changa ndinaboola bowo lothina dala, kuopa kuti chingamagwedezeke.

Lamulungu dzuwa likutuluka ndinavula, n'kutsala ndi kabudula. Udzu unali mbuu ndi chisanu. Madziwo anandiluma mpaka m'mafupa, koma abakha anali apo, akusambira mosatekeseka, ndipo mtima wanga unali kale padoko la kwathu ku Kachulu. Ndinkangomva ngati ndikatembenuka ndiona mabwato ndi utsi wa owamba nsomba.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Chilwa ndi nyanja yaulemu. Munthu umayenda mtunda wautali madzi akulekeza m'chifuwa, n'chifukwa chake ena a ife tinakula osaphunzira kusambira. Damu la azungu silidziwa zimenezo. Nditatambasula dzanja kuti ndigwire mwendo wa bakha wonenepa, phazi langa linaponda pamene panalibe pansi.

Ndinamira ngati mwala. Chipanda chinakana kumira nane, ndiye mutu wonse unalowa mpaka chibwano, makutu n'kupindika m'katimo. Ndinamwa madzi osawerengeka. Ndipo taonani kupusa kwa munthu: ndikulimbana ndi imfa chonchi, chimene chinandiwawa n'chakuti madziwo anali ozizira lilime, opanda kamchere kaja ka kwathu.

Chipanda chomwecho n'chimene chinandiyandamitsa mpaka ndinagwira bango tsidya lina. Ndinakwawa m'matope otuwa a mgodi, n'kuimirira. Kukoka chipanda, osatheka. Zovala zinali kutsidya, ndipo pa timabowo ta maso ndinkangoona kadziko kochepa ngati khobidi. Ndinati bola ndikafike kwa Che Likaka, andivule mwakachetechete.

Ndinalowa m'komboni nthawi imene anthu amapita kutchalitchi. Thupi lonse mbuu, bango litandikolekera m'chiuno, miyendo ikunjenjemera yokha ndi chisanu.

"Maiwe, chigure!" anakuwa mayi wina Wachikaranga, n'kutaya ndowa. Ana anabalalika. Ndinayesa kunena kuti ndine, koma mawu m'chipanda amatuluka ngati ng'ombe ili m'chitsime. Wapolisi wa pakomboni anaima patali ndithu n'kumandithamangitsa m'chilankhulo cha pamgodi, "Ini lo? Hamba! Hamba!" Achewa a ku Dedza, eni ake a gule, anangoima n'kumafunsana kuti chilombo chimenechi n'cha dambwe liti. Abusa athu anandiona bwinobwino, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sanazindikire kabudulayo.

Amene anandimasula ndi akazi awo a Che Likaka, mayi wa dziko lomwelo. Ataona chinthu chikulowa pakhomo pa wodwala, sanafunse. Anatola munsi. Chipanda chinasweka pakati, ndipo mutu wanga unatsala pang'ono kutsatira.

"Ndimi?" anatero m'chinenero chawo, munsi ukadali m'mwamba. "Ko bakha wacho ali kupi?"

Anandifunditsa thumba, n'kundikhazika pafupi ndi mbaula. Che Likaka anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo tinachita kuwadzutsa kuti apume. Ine manyazi anali atandigwira. Ndinali nditalonjeza munthu wodwala chinthu chimodzi chokha, n'kumubweretsera matope.

"Pepani, atate. Ndalephera."

Anapuma movutikira. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Madziwo unamwako?"

"Kwambiri."

"Anali ndi mchere?"

"Ayi, atate. Ngakhale pang'ono."

Anagwedeza mutu, maso ali kudenga. "Ndiye usadandaule, mphwanga. Bakha wa madzi amenewo sakanandifikitsa kwathu. Khala pompo, undiuze mmene umayendera kuchoka pa Kachulu kupita kuchilumba cha Chisi. Ndayamba kuiwala."

Ndinawauza, mano akugundana. Pamene ndalakwitsa ankandikonza: apa pali udzu wa mabawe, apa m'pamene timatchera miono, apa ng'ona. Tinapalasa chonchi mpaka anagona.

Tinawaika mvula isanagwe, m'manda a pamgodi. Ine ndinkati ndipita kwathu chaka chamawa, ndipo ndakhala ndikunena zomwezo mpaka imvi. Kusambira sindinaphunzirebe. Koma njira ya ku Chisi ndimaibwereza ndekha chisanu chilichonse, chifukwa tsopano ndikalakwitsa palibe wondikonza.