Ndinapaka Nyumba ya Amayi Ngati Mvuu

Mpaka lero ndikamva fungo la polishi m'chiuno mumandiwawa, ngakhale kuti amene anayamba kugwa tsiku limenelo si ine.

Zinali zaka zija nyumba za khonsolo zitangogulitsidwa kwa okhalamo. Amayi, amene anatsala okha atate atamwalira, anakhala eni ake a nyumba yathu ya ku komboni ya Linda. Achemwali anga a ku Lusaka anagamula kuti nyumbayo igulitsidwe, amayi akakhale nawo, poti miyendo inali itayamba kuwavuta. Amayi anangoti chabwino, koma chabwino wake wa munthu womeza mankhwala owawa. Ine zimenezo sindinazione. Ndinangomva zoti kubwera munthu wodzayendera nyumba isanagulitsidwe, ndipo woikonzekeretsa ndine.

Tsono ine ndinali wogulitsa ziboliboli kwa alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pantchito yathu mvuu yamtengo ikang'aluka sitilira ayi. Timatsekapo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupaka polishi wa nsapato, mlendo n'kugula akumwetulira. Ndiye ndinati nyumba n'chiyani? Ndi mvuu yaikulu basi.

Ndinayamba ndi mng'alu wa pakhoma la pabalaza. Pamenepo ndinaimikapo nyamalikiti yamtengo, yaitali kuposa ine. Kenako felemu ya chitseko, imene atate anaika ndi manja awo. Chiswe chinali chitaidya m'kati monse, kungotsala khungu. Ndinaidzaza utuchi ndi guluu, n'kuipaka polishi mpaka waliwali. (Kuthamangitsa chiswe ndi utuchi, abale, kuli ngati kuopseza mbuzi ndi chimanga.) Pomaliza ndinatembenukira pansi. Ndinasungunula makandulo, n'kusakaniza ndi palafini ndi polishi wofiira, ndipo ndinapaka, n'kupakanso, mpaka ndinadziona nkhope pasimenti n'kudzisirira.

Amayi anali pakhonde, akundiyang'ana.

"Iwe, nyumba iyi ni nkhalamba monga ine. Siifuna kuzola," anatero.

Ndinawauza kuti zamalonda andisiyire ine.

Oyendera nyumbawo, ba Sitali, anafika masana dzuwa la Okutobala lili paliwombo, malata akuthetheka. Anali bambo aulemu wawo, a shati yoyera ndi nsapato zatsopano. Anapatsana moni ndi amayi moomba m'manja, ine n'kuwatsogolera kukhomo monyadira. Chimene sindinaganizire n'choti makandulo aja, ndi kutentha kumeneko, anali atayambanso kusungunuka.

Phazi loyamba linalowa bwino. Lachiwiri linapita lokha kukaona kuchipinda. Ba Sitali anagwira felemu kuti adzipulumutse, felemu n'kuthothoka n'kupita nawo limodzi. Pansi khu! Utuchi ndi chiswe zinawakhuthukira pashati. Ine pothamanga kuti ndikawadzutse ndinatereranso, n'kukamenya nyamalikiti ija. Inagwa mwaulemu, pang'onopang'ono, n'kusiya mng'alu wonse pamtetete.

Tinakhala pansi awiriwiri, tikuyang'anana, matako ali psuu.

"Ni ndani anachita ivi?" anafunsa ba Sitali, osakweza mawu n'komwe.

Ndinati ndi chiswe.

"Chiswe sichipaka polishi, mwana wanga."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ali chikhalire pomwepo, akuchotsa chiswe m'khosi, anandifotokozera kuti akanapeza nyumbayo mmene inalili, bwenzi atangondiuza zoti ndikonze. Koma tsopano sakukhulupiriranso ngakhale denga. Nyumba siigulitsidwa mpaka chiswe chiphedwe, khoma limangidwe, iwo adzaonenso mvula ikatha.

Ndinatembenuka ndi mantha kuti ndione amayi. Ndinkadziwa kuti ndawaonongera ulendo wa ku Lusaka. Ndinawapeza ataphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Ankaseka! Chimwalirire atate ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Anatola kachidutswa ka felemu kaja, n'kukapukuta, n'kukaika pamiyendo.

"Ba tate bako bakana," anatero.

Apo m'pamene ndinamvetsa chabwino uja: kuchoka panyumbapo sankafuna. Mtima unandiwawa kuti mwana wawo ndinkadziwa kuona mng'alu pa mvuu, koma wa mayi anga osauona.

Achemwali anandikalipira pa foni ya kwa aneba mpaka khutu linatentha. Chilango changa chinali choti ndibwerere kunyumba ndikakonze zimene ndinaononga. Ndinabwereradi, ndipo ndinakonza mosafulumira. Mvula inatha, ina inabwera, amayi ali pakhonde lawo ku Linda, ine ndikuwatungira madzi. Ba Sitali anazolowera kudutsa kudzamwa tiyi, koma m'nyumba sanalowenso.

Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu? Kaya. Chifukwa nthawi zonse achemwali akaimba foni n'kuyambitsanso nkhani yogulitsa nyumba, amayi ankavomera mwaulemu kuti chabwino. Akabwerako kwa aneba, ankandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, kagule makandulo."