Tsiku lomwe ndinapachika a mjomba m'mwamba

Mpaka lero ndikamadutsa njira ya ku Makanjira ndimatsitsira chipewa kumaso, ndipo si chifukwa cha dzuwa.

Ndimayendetsa thirakitala ya chifosholo kutsogolo, yopakira mchenga ndi miyala, pakampani ina yokonza misewu. Poyamba ndinali ndi yakale, yopanda chitseko, yoti ikakana kulira umangoigogoda ndi sipanala. Mabwana atagula yatsopano, ya kompyuta ndi mphepo yozizira m'kati, anapatsa ine. (Moni ndinayamba kupereka ndi chala chimodzi.)

Lachisanu lina mvula itagwa, mtsinje wa pafupi ndi pantchito pathu unadzaza. Mwa anthu osowa powolokera munali a mjomba, malume ake a Asiyatu, mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira. Mawu omaliza pa ukwatiwo anali awo. Anali mu mkanjo woyera, akuthamangira swala ya Juma, mapemphero a Lachisanu, kumzikiti wa tsidya linalo.

"Kwerani m'chifosholomu, a mjomba, madzi sakukhudzani," ndinatero.

Ndinawakweza m'mwamba kwambiri kuti mudzi wonse uone mkamwini. Tili pakati pa mtsinje makina anati tswii, n'kuzima. Pakagalasi panalembedwa m'Chingerezi kuti kachipangizo kena kanyowa, ndiimbire ogulitsa. Ndinakoka ndodo yotsitsira, osatheka. Kompyuta inali itatseka zonse, eti poteteza moyo wa munthu.

Netiweki pansi panalibe. Inkagwira m'mwambamo momwe munali a mjomba, ndiye ndinawaponyera foni.

"Akuti mmisiri wawo ali ku Blantyre, abwera Lolemba," anandiuza modekha, kudekha kochititsa mantha. "Akufunsanso ngati takhutira ndi chithandizo chawo."

Azana yoitanira anthu ku mapemphero inamveka tsidya lija. Dzuwa linatuluka, chitsulo n'kuyamba kutentha, a mjomba akusinthanitsa mapazi. Amayi ogulitsa usipa anatula madengu n'kukhala pansi kuti aonere bwino. Ndinalakalaka madziwo atanditenga.

Mnzanga wina anabwera ndi thirakitala yakale ija, ikutsokomola utsi. A mjomba anasamukira m'chifosholo chake chamatope, mkanjo n'kusintha mtundu. Pofika kumzikiti, anthu anali akutuluka.

Madzulo ndinapita kukapepesa.

"Palibe mlandu, bambo," anatero. "Kungoti Asiyatu tidzam'patsa munthu woti akakweza chinthu amadziwanso kuchitsitsa."

Makinawo anakonzeka, mmisiri wa laputopu anangodina kamodzi. Asiyatu anakwatiwa chaka chatha, ndi mnzanga uja. Bwalo la ukwati ndinasalaza ndine, ndi yatsopanoyo, ndipo tsiku limenelo sinazime olo pang'ono.