Duwa la alamu anga a ku Dwangwa

Abale inu, ine mlimi wa mpunga wodziwika Liwaladzi yense, kugonja ndi kambewu ka mumphika!

Alamu anga, ang'ono awo a akazi anga, ndi anamwino ku Dwangwa. Popita ku maphunziro a milungu iwiri anandisiyira duwa lawo la m'nyumba, akuti okidi, kukongola kwake ndi masamba, akuda bii, timizere tagolide waliwali. "Alamu, lisaone dzuwa, madzi pang'ono. Ndikadzalipeza lamoyo, njinga yanga ija ndi yanu."

Njinga! Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Atangochoka ndinasuzumira mumphikamo, dothi mulibe, makungwa ndi makala okhaokha. Anthu ophunzirawa nkhanza! Mbewu idye makala ngati mbaula? Ndinakatapa dothi la kudambo, feteleza dzanja lodzaza, madzi ngati ndikuwokera mpunga. Kutacha, lazyolika. Ndinati lazizidwa ili, n'kukaliika pathandala poyanika usipa kuti liwothere. Pofika Lachinayi linali ngati fodya wa agogo.

Akazi anga amvekere, "Bambo a Mase, mudzangowauza zoona."

Zoona zimakwereka? Chokwereka ndi njinga.

M'mawa wa tsiku lobwera alamu ndinakafukula mbatata yophuka ya masamba oderako, n'kuikwirira mumphika muja, makungwa pamwamba. Nanga timizere? Mnzanga wina ankapenta bwato lake, ndinapemphako penti wachikasu, ndiye ndi nthenga ya nkhuku ndinajambula tsamba ndi tsamba, lilime lili panja. Ndinadzigomera ndekha.

Alamu anafika akukankha njinga, pambuyo anzawo awiri a kuntchito odzaona duwa lotchukalo. Wina anawerama n'kununkhiza.

"Bwanji likununkha ngati bwato?"

"Ndi mphepo ya kunyanja imeneyo, mayi," ndinatero osaphethira.

Alamu anagwira tsamba, chala chonse chikasu. Anandiyang'ana, anakoka pang'ono, zuu! Chimbatata ngati nkhonya chili lende.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Labereka, alamu. Kwanu kuja linkafa ndi njala."

Anzawo aja anaseka mpaka kukhala pansi, akazi anga anathawira kuseri kwa nyumba. Njinga ndinangoiona kumsana ikubwerera ku Dwangwa, belu lake likulira ngati likundinena.

Mbatata ija anandiphikira akazi anga, n'kundipatsa ndekha pambale. "Idyani okidi wanu."

Ndinadya, nanga n'kutaya? Koma ndalumbira, mbewu yosadyedwa musadzandisiyirenso, ngakhale mulonjeze minibasi.